Lamulo Linafika ku Dodge City Nthaka Italandidwa Kale

Pa 26 Epulo 1952 wailesi ya CBS ku America inayamba kuulutsa sewero la sabata ndi sabata lotchedwa Gunsmoke. Chigawo chilichonse chinkatenga theka la ola, ndipo sewerolo linapitirira mpaka pa 18 Juni 1961. Zigawo zambiri zinasungidwa bwino ndipo zili pa intaneti, moti lero munthu akhoza kuzimvera pa foni ali chigonere. Ine ndimazimvera ndipo ndimazikonda kwambiri. Amene tinakula tikuunjirira wailesi madzulo kudikira Kapalepale kapena Pamajiga pa MBC sitifunika kuuzidwa mphamvu ya sewero losaoneka ndi maso: chitseko chikangolira, iwe wamanga kale nyumba yonse m'mutu. Anthu amene ankakonza Gunsmoke ankaidziwa bwino mphamvu imeneyi. Komabe pali chinthu chimene chimandiima pakhosi ndikamamvera, ndipo chili pansi pa mapazi a anthu onse a m'seweromo. Ndikunena nthaka imene akupondayo, mwini wake, ndi njira imene inachokera m'manja mwake.

Nkhani zake zimachitikira ku Dodge City, m'chigawo cha Kansas, m'zaka za m'ma 1870. Mwini bwalo ndi Matt Dillon, marshal wa boma la United States, wapolisi wotumidwa ndi boma lalikulu kukasungitsa lamulo kumalo kumene abusa a ng'ombe, alenje, otchova juga ndi alimi ongofika kumene ankakumana, ambiri a iwo mfuti ili m'chiuno. Ankasewera Dillon anali William Conrad, bambo wa mawu a besi, olemera, otopa. Parley Baer anali Chester, womuthandiza wa mtima wofewa. Howard McNear anali Doc Adams, dokotala amene m'zigawo zoyambirira ankamveka kuti akuwerengera ndalama ya mtembo uliwonse woti aupime. Georgia Ellis anali Kitty, mayi wa m'bala, amene ntchito yake sewerolo silinkaitchula koma womvera wamkulu ankaidziwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake anthu anadzidzimuka nalo, muyenera kudziwa zimene makutu a ku America anali atazolowera. Kuyambira mu Januwale 1933 wailesi ya WXYZ ku Detroit inkaulutsa The Lone Ranger, nkhani ya ngwazi yobisa nkhope, ya hatchi yoyera ndi zipolopolo zasiliva, yosamwa, yosatukwana, yongowombera mfuti m'dzanja la chigawenga osachipha. Linali sewero la ana ndipo linafika zigawo pafupifupi 3,000. Mnzake wa ngwaziyo, Tonto, wochokera mwa anthu amene azungu anawapeza ku America, ndiye mwini nthaka woyamba amene ana ambiri a ku America anamudziwa ndi dzina. Olemba anamulowetsa m'sewero patadutsa zigawo zingapo chifukwa cha vuto la ntchito yawo: pa wailesi, munthu woyenda yekha m'chipululu alibe woyankhula naye, ndiye omvera sangadziwe zimene akuganiza. Tonto anabadwa kuti mzungu apeze womumvera. Ankayankhula Chingelezi chodukaduka, ndipo mawuwo ankatulutsa ndi John Todd, mzungu wachikulire wozolowera zisudzo za pa siteji. Ngwazi za mtundu umenewu zinafika kuno kudzera m'mafilimu. Hortense Powdermaker, amene anachita kafukufuku ku Luanshya, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu 1953 ndi 1954, analemba za anthu a m'makomboni a migodi akukuwa kuchemerera kauboyi, amene aliyense ankangomutchula kuti Jack. Mibadwo yotsatira inachemerera stelingi chimodzimodzi, ndipo ndi ochepa amene ankafunsa kuti anthu a nthenga kumutu, ogwa pa mahatchi aja, ankamenyera chiyani.

Norman Macdonnell ndi John Meston, amene anayambitsa Gunsmoke, ankafuna sewero la akuluakulu. Meston anabadwira ku Pueblo m'chigawo cha Colorado, ndipo makauboyi oyera mtima a ku Hollywood ankamunyansa. Dillon wake amachedwa kufika, amapeza munthu atatsirizika kale. Nthawi zina amamudziwa wolakwa koma umboni palibe, ndiye amangomuona akukwera hatchi n'kumapita. M'chigawo china, usiku wa chipwirikiti m'tauni, amatembenuka mofulumira n'kuwombera, kenako amazindikira kuti wapha mnzake wakale amene ankamuteteza kumsana. Akazi a m'minda yakutali amamveka ofooka ndi ntchito, ena osokonezeka mutu chifukwa chokhala okha ndi amuna ankhanza. Akatswiri a phokoso, Ray Kemper ndi Tom Hanley, ankaumba tauni yonse m'khutu: nsapato zikugunda matabwa a pakhonde, makiyi a ndende, galu akuuwa chapatali, kapu ya khofi ikutera patebulo. Ankalolanso kuti pakhale bata, chinthu chimene wailesi zambiri zimachiopa. Anthu awiri akhoza kuyenda kuchokera ku ofesi mpaka ku bala osanena kanthu, iwe n'kumangomva mapazi, mtima uli m'mwamba.

Pa nkhani ya eni nthaka, amene mabuku ena amawatchula kuti Amwenye a ku America, Gunsmoke linayesetsa kuposa masewero anzake. Muli chigawo cha mkulu wina wa mtundu wa Kiowa, dzina lake Tobeel, amene azungu awiri amamupatsa kalata yoti ndi yomuyamikira kuti apeze ntchito, chonsecho m'katimo alembamo zomunyoza. Mkuluyo sadziwa kuwerenga ndipo amaipereka kalatayo ndi ulemu wake wonse. Manyazi amakugwira iwe womvera. Muli chigawo cha mayi, mwana wa mfumu ya eni nthaka, wokwatiwa ndi mlenje wachizungu, amene amuna a m'tauni amamuchita chipongwe pobwezera nkhondo za bambo ake. Mulinso cha wojambula zithunzi wochokera kum'mawa amene akufuna zithunzi zoopsa zoti akagulitse kwawo, ndipo akapanda kupeza magazi amakonza yekha, mpaka kuphetsa munthu wosalakwa kuti chithunzi chioneke chochititsa mantha. M'zaka za m'ma 1950, kuuza mabanja a ku America kuti nkhanza zimene amazimva zinapangidwa ndi ogulitsa nkhani kunali kulimba mtima, ndipo ndimawalemekeza olembawo.

Koma tamverani bwino mmene eni nthaka amalowera m'nkhanizi. Amabwera mmodzimmodzi, ngati alendo m'tauni ya eni ake. Wina ndi womvetsa chisoni woti Dillon amuteteze, wina ndi ngozi imene ili kuseri kwa phiri. Dillon akhoza kumenya munthu wonyoza Tobeel, akhoza kuuza mkulu wa asilikali kuti akuputa dala nkhondo. Chimene sangachite, m'zigawo zonse zimene ndamva, ndi kufunsa kuti msewu waukulu wa tauniyo, Front Street, unakhala bwanji wa anthu amene akuyendamowo. Baji yake inachokera ku Washington, ndipo Washington ndi amene anali mbali ina ya mlandu wa nthakayo.

Tauni yeniyeni ya Dodge City inakhazikitsidwa mu 1872, makilomita 8 kumadzulo kwa malo a asilikali a Fort Dodge, m'mbali mwa mtsinje wa Arkansas chakumpoto. Zaka 5 m'mbuyo mwake, mu Okutobala 1867, boma linali litasainirana mapangano ndi mitundu ya Kiowa, Comanche, Apache wa m'zigwa, Cheyenne ndi Arapaho pa mtsinje wa Medicine Lodge, komweko ku Kansas. Mitunduyi inauzidwa kusamukira kumalo opatulidwa kudera limene lero ndi Oklahoma, koma inasiyiridwa ufulu wosaka kumwera kwa mtsinje wa Arkansas malinga ngati njati zinali zidakalipo zokwanira kusaka. Mawu omalizawa ndi amene anali msampha. Ufuluwo unamangiriridwa ku moyo wa njati, ndipo njatizo panalibe wozitchinjiriza.

Kwa anthu a m'zigwa njati inali zonse. Nyama yake inali chakudya cha chaka chonse ikafutsidwa, chikopa chinali nyumba, chofunda ndi nsapato, mitsempha inali ulusi, ndowe zouma zinali nkhuni kudera lopanda mitengo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 njati zinalipo mamiliyoni makumimakumi. Cha m'ma 1871 ofufuta zikopa anapeza njira yosandutsira chikopa cha njati kukhala cholimba, choyenera malamba oyendetsera makina m'mafakitale. Chaka chotsatira njanji ya Atchison, Topeka and Santa Fe inafika pa Dodge, ndipo kamudziko, kamene poyamba kankatchedwa Buffalo City, kanasanduka msika wa zikopa. Mlenje wa mfuti ya Sharps ankabisala patali, kumene mphepo singatengere fungo lake ku gululo, n'kuyamba ndi njati yotsogolera. Zinzake zikaima mosokonezeka, ankazigwetsa imodziimodzi mpaka mpope wa mfuti kutentha. Osenda ankachotsa chikopa, mwina ndi lilime, nyama yonse n'kuisiya iwole. Pali chithunzi chodziwika cha mu 1878 cha bwalo la kampani ya Rath ndi Wright ku Dodge City, chosonyeza mulu wa zikopa 40,000. Mu 1874 nyumba ya malamulo ya Congress inavomereza bilu yoteteza njati, koma Pulezidenti Ulysses Grant sanaisainire. Pamene William Hornaday ankawerenga zotsala mu 1889, anapeza kuti zangotsala pafupifupi 1,000.

Njati zitatha ku Kansas, alenje a ku Dodge anatsikira kumwera, kumalo kumene mitundu ija inkadziwa kuti ndi kosaka kwake, n'kumanga msasa wa malonda pa Adobe Walls ku Texas. Pa 27 Juni 1874 ankhondo a Comanche, Cheyenne ndi Kiowa, mmodzi wa atsogoleri awo ali Quanah Parker, anauthira nkhondo msasawo. M'katimo munali amuna 28 ndi mayi mmodzi, ndipo mmodzi wa iwo anali mnyamata wa zaka 20 dzina lake Bat Masterson. Mfuti zoponya kutali zinawapulumutsa. Boma linayankha ndi nkhondo ya Red River. Mu Seputembala chaka chomwecho, pa Palo Duro Canyon, asilikali a Ranald Mackenzie anatentha misasa ndi chakudya chosungira dzinja, n'kupha mahatchi oposa 1,000 amene anawalanda. Anthu opanda mahatchi ndi chakudya anayamba kudzipereka, ndipo amuna oposa 70 anatumizidwa kundende ya Fort Marion ku Florida popanda kuzengedwa mlandu. Izi ndi zimene zinalambula bwalo limene Matt Dillon amayendapo. Ng'ombe za ku Texas zinayamba kudzaza Dodge pambuyo pake, udzu wa njati utapeza wina woudya.

Za mfuti za m'tauni zija, zimene sewero limadalira sabata iliyonse, mbiri yeniyeni ndi yochepa. Chaka choyamba cha Dodge chinalidi cha magazi, boma la tauni lisanakhazikike. Koma wolemba mbiri Robert Dykstra atafufuza anapeza kuti m'zaka za malonda a ng'ombe, kuyambira 1876 mpaka 1885, anthu ophedwa m'tauniyo anali 15. Tauni inali ndi lamulo loletsa kuyenda ndi mfuti, chifukwa amalonda ankafuna abusa odzawononga ndalama, osati maliro. Imfa zochuluka za m'dera limenelo zinkachitikira kunja kwa tauni.

Mlandu umene ndimaufunitsitsa kuti anthu audziwe unafika m'ndende ya Dodge City mu 1879. Chiyambi chake ndi 1877, pamene boma linasamutsa anthu oposa 900 a mtundu wa Cheyenne wakumpoto kuchoka kwawo, kudera la Montana ndi Wyoming, kupita nawo ku Darlington, kufupi ndi Fort Reno ku Oklahoma. Kumeneko kunali kotentha, chakudya cha boma chinali chosakwana, nyama zosaka kunalibe, ndipo malungo ndi chikuku zinayamba kutenga ana. Mafumu awiri, Dull Knife, amene anthu ake ankamutchula Morning Star, ndi Little Wolf, anapempha kuti abwerere kwawo. Anakanizidwa. Usiku wa pa 9 Seputembala 1878 anthu pafupifupi 350 ananyamuka mwakachetechete. Amuna anali osakwana 100. Ena onse anali amayi ndi ana. Kutsogolo kwawo kunali mtunda wa makilomita oposa 2,000, njanji zodzaza asilikali, ndi matelegalamu owatsogolera kulikonse.

Anamenyana ndi asilikali kangapo akudutsa Kansas, ndipo anawoloka mtsinje wa Arkansas kumadzulo kwa Dodge, tauni yonse ili pa mantha. Pa 27 Seputembala, pa Punished Woman's Fork, mkulu wa asilikali a Fort Dodge, William Lewis, anavulazidwa n'kumwalira, ndipo a Cheyenne anataya mahatchi ambiri ndi chakudya. Zimene zinatsatira sindingazibise, chifukwa kuzibisa kungakhale kuchita zomwe zija za wojambula zithunzi, kukonza mbiri kuti igwirizane ndi mtima wanga. Pa 30 Seputembala ndi pa 1 Okutobala, m'mphepete mwa mitsinje ya Sappa ndi Beaver kumpoto chakumadzulo kwa Kansas, anyamata ankhondo anagwera mabanja a alimi. Anapha amuna ndi anyamata pafupifupi 30, anagwirira amayi ndi atsikana, anatenga mahatchi. Ena mwa ophedwawo anali anthu osauka ongofika kumene kuchokera ku Bohemia, okopeka ndi lamulo la Homestead la 1862 limene linkapatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulimapo zaka 5. Sanasaine pangano lililonse ndipo sanaphwanye lililonse. Boma linawapatsa munda pamalo a mkangano n'kuwasiya okha. Pa mtsinje wa Sappa womwewo, mu Epulo 1875, asilikali mothandizidwa ndi alenje a njati anali atapha a Cheyenne 27, kuphatikizapo amayi ndi ana. Magazi awiriwa safafanizana. Onse anakhetsedwa, ndipo funso langa ndi lakuti ndi ati amene anafika kukhothi.

Atalowa ku Nebraska gululo linagawikana. Little Wolf anabisala ndi anthu ake m'mapiri a mchenga dzinja lonse, n'kukafika ku Montana mu Malichi 1879. Anthu a Dull Knife, pafupifupi 150, anagwidwa n'kutsekeredwa m'nyumba ya asilikali pa Fort Robinson. Lamulo litabwera loti abwezedwe kumwera, iwo anakana, nati kuli bwino afere pomwepo. Kaputeni Henry Wessells anawamana chakudya ndi nkhuni, kenako madzi, mu Januwale, chisanu chili choopsa. Ankanyambita madzi oundana a pa mawindo. Usiku wa pa 9 Januwale 1879 anathyola mawindo n'kuthawa, ali ndi mfuti zochepa zimene anazimasula n'kuzibisa m'zovala za amayi ndi pansi pa matabwa. Asilikali anawasaka masiku 13, ndipo omaliza anaphedwera m'dzenje limodzi pa 22 Januwale. Anafa anthu oposa 60. Akuluakulu a asilikali anafufuza nkhaniyi, koma palibe amene analangidwa, monganso John Chivington sanazengedwe mlandu chifukwa cha anthu a Cheyenne ndi Arapaho amene asilikali ake anawapha pa Sand Creek mu 1864.

Oimbidwa mlandu anali otsalawo. Boma la Kansas linafuna anthu oti ayankhe za alimi aja, ndipo amuna 7, mtsogoleri wawo Wild Hog, anaperekedwa. Amene anapita kukawatenga ku Fort Leavenworth mu Febuluwale 1879 anali Bat Masterson, mlenje wa njati wa ku Adobe Walls uja, tsopano ali sheriff, mkulu wa apolisi wa dera la Ford kumene kuli Dodge City. Pa masiteshoni a sitima anthu ankakankhana kuti awaone. Anakhala miyezi ingapo m'ndende ya Dodge, ena mabala asanapole, ndipo ali momwemo ankajambula zithunzi za mahatchi, za nyama ndi za moyo wawo m'timabuku tolembamo maakaunti. Tina mwa timabuku timeneti tidakasungidwa mpaka lero. Loya wawo, J. G. Mohler, anapempha kuti mlandu usamuke chifukwa ku Dodge sakanapeza oweruza opanda mbali, ndipo woweruza anavomera. Mlandu unapita ku Lawrence. Kumeneko aphungu a Senate amene ankafufuza nkhaniyi anamva kuchokera pakamwa pa Wild Hog za njala ndi matenda a ku Darlington. Mu Okutobala 1879 oimba mlandu analephera kubweretsa umboni woti amunawa ndi amene anapha, ndipo mlandu unathetsedwa.

Ndimaima nthawi yaitali pa chigamulo chimenechi. Khothi linachita zoyenera: munthu sapachikidwa popanda umboni, ngakhale khamu likufuna chingwe. Izi n'zimene Matt Dillon amaimira pakhomo la ndende m'zigawo zambiri, mfuti ili m'manja, kuuza anthu olusa kuti abwerere kunyumba. Ndiye pa mbali imeneyi sewero silinaname. Chilungamo cha mtundu umenewo chinalipodi, ndipo chinapulumutsa miyoyo. Koma taonani kumene amuna omasulidwawo anawatumiza. Anawabwezera ku Oklahoma komwe kuja, kumalo amene anathawa. Amasiye a pa Sappa sanaone aliyense akuyankha mlandu wa amuna awo. Amasiye a pa Fort Robinson analibe ngakhale khomo loti akagogode. Khothi linali ndi mphamvu yofunsa ngati Wild Hog anawombera mlimi wakutiwakuti, koma linalibe mphamvu yofunsa chifukwa chimene mtundu wathunthu unachotsedwera kwawo.

Chaka chomwecho ku Omaha, khothi lina linayandikirako pang'ono funso limenelo. Standing Bear, mfumu ya mtundu wa Ponca umene unasamutsidwiranso ku Oklahoma, ananyamula mtembo wa mwana wake wamwamuna kupita nawo ku mtsinje wa Niobrara, chifukwa mnyamatayo anapempha kuti akaikidwe kwa makolo ake. Anamangidwa chifukwa chochoka pamalo opatulidwa popanda chilolezo. Loya wa boma anauza khothi kuti mwini nthaka alibe ufulu wokasuma. Pa 12 Meyi 1879 woweruza Elmer Dundy anagamula kuti pamaso pa lamulo mwini nthaka ndi munthu, n'kulamula kuti amasulidwe. Nkhani za Gunsmoke zimachitika m'zaka zimene mfundo imeneyi inali isanagamulidwe n'komwe.

Komanso eni nthaka sankadikira marshal kuti adziwe kuweruza. Mu 1881, pamalo opatulidwa a Rosebud, Crow Dog anapha mfumu Spotted Tail, onse a mtundu wa Lakota. Akuluakulu anakhala pansi ndi mabanja awiriwo, ndipo banja la wakuphayo linapereka madola 600, mahatchi 8 ndi bulangete. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu kumudzi akudziwa cholinga cha chipepeso chotere: kuti mabanja amene adzamwabe pa chitsime chimodzi asapitirize kuphana. Akuluakulu a boma anaona ngati wakupha wangosiyidwa, anamuzenga mlandu m'khothi lawo n'kumugamula kuti anyongedwe. Mu 1883 khothi lalikulu la Supreme linati boma linalibe mphamvu pa mlanduwo, Crow Dog n'kumasulidwa. Congress inakwiya, ndipo mu 1885 inakhazikitsa lamulo lolanda mitunduyi mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu. Chilungamo cha chingwe ndi ndende chinalowa m'malo mwa chilungamo choyanjanitsa, ndipo masewero a makauboyi anatiphunzitsa kuti kusanafike chingwecho kunalibe lamulo.

Zaka zimene Gunsmoke linkamveka m'nyumba za anthu, nkhani ya nthakayi sinali yakale ayi. Mu 1953 Congress inavomereza mfundo yothetsa kuzindikira mitundu ina ngati maboma paokha, ndipo mitundu yoposa 100, kuphatikizapo Menominee ndi Klamath, inakhudzidwa. Boma linkalimbikitsanso mabanja kuchoka kumalo opatulidwa kupita m'mizinda ngati Chicago, Denver ndi Los Angeles. Sewerolo linkajambulidwa ku Hollywood, mumzinda womwewo umene mabasi ankatsitsa mabanja amenewa. Womvera ankatha kumumvera chisoni Tobeel, osadziwa kuti adzukulu a anthu a mtundu wake akufunafuna chipinda cha lendi misewu ingapo kuchokera pa situdiyo. Chisoni cha pa wailesi chinkaloza m'mbuyo, kwa anthu amene ankaoneka ngati anatha kale.

Sanathe. Mu 1884 Pulezidenti Chester Arthur anapatula malo pa mtsinje wa Tongue ku Montana kuti akhale a Cheyenne wakumpoto, ndipo ulendo woopsa uja unali chimodzi mwa zimene zinakakamiza boma kutero. Dull Knife anamwalira mu 1883, chaka chimodzi izi zisanachitike. Lero koleji ya mtunduwo ku Lame Deer imadziwika ndi dzina lake. Mafupa a ena mwa ophedwa pa Fort Robinson anatengedwa ndi madokotala a asilikali kuti akawapime, ndipo anakhala m'nyumba zosungiramo zinthu zakale zaka zoposa 100, mpaka mu 1993 pamene abale awo anakawatenga n'kukawaika m'manda kufupi ndi Busby, m'dera lawo ku Montana. Kuyambira mu 1999, Januwale aliyense, ana ndi achinyamata a mtunduwo amasonkhana pa Fort Robinson, amatuluka usiku wa pa 9 monga anatulukira makolo awo, n'kuthamanga mosinthanasinthana makilomita oposa 600 m'chisanu, kudutsa Nebraska ndi South Dakota, mpaka kukafika ku Busby.